Ma halogen: momwe mungaonere ndi maso kuti kolorini amaposa bromine, bromine amaposa ayodini

Mwana amene akuchita Physical Sciences kuno ku Johannesburg amakumana ndi ma halogen, omwe ndi Group 17 ya periodic table, katatu: mu Grade 10 pophunzira dongosolo la ma element ndi kuyesa mchere wosungunuka m'madzi, mu Grade 11 pophunzira mphamvu zokokana pakati pa ma molekyulu, ndi mu Grade 12 pa electrochemistry. Amene munalemba MSCE kumudzi mumalidziwa gululi ngati Group VII. Mamembala ake ndi fluorine, kolorini, bromine, ayodini, astatine ndi tennessine. Awiri omalizawa musataye nawo nthawi: astatine amaphwasuka yekha moti ngakhale mtundu wake wokhalitsa umatha theka pa maola pafupifupi 8, ndipo tennessine anangopangidwa mu labu ku Dubna, Russia, mu 2010, ma atomu owerengeka chabe.

Pamene ana ambiri amagwera ndi apa. Mukamatsika m'gululi pali zinthu ziwiri zikusintha nthawi imodzi. Boiling point ikukwera, pamene ukali wa element, kutanthauza changu chake cholanda elekitironi, ukutsika. Chilichonse chili ndi chifukwa chakechake, ndipo wolemba mayeso akapereka chifukwa cha ichi pa funso la icho, mamakisi apita. Tiyamba ndi zifukwazo, kenako tiyese m'ma test tube, ndipo pomaliza tifike pa HTH (ufa wa kolorini wothira mu pool), pool acid ndi Jik zomwe ambiri a ife timagwira tsiku ndi tsiku m'mayadi ndi m'nyumba za mabwana.

Chifukwa chake boiling point imakwera

Ma halogen onse amayenda awiriawiri: F2, Cl2, Br2, I2. Pa kutentha kwa m'chipinda fluorine ndi mpweya wachikasu chotuwa, kolorini ndi mpweya wachikasu chobiriwirako, bromine ndi wamadzimadzi wofiira moderako amene amafuka nthunzi ya olenji, ndipo ayodini ndi timiyala totuwa moderako tonyezimira, tomwe mukatitenthetsa timatulutsa nthunzi ya pepo. Fluorine amawira pa −188 °C, kolorini pa −34 °C, bromine pa 59 °C, ayodini pa 184 °C. Manambalawa ndi a m'mbali mwa nyanja yamchere. Joni ali pamwamba pafupifupi mamita 1,750, n'chifukwa chake madzi kuno amawira cha pa 94 °C, ndipo bromine nayenso amawira msanga kuposa momwe buku lanenera.

Bromine akamawira, ma atomu awiri a mu Br2 sakulekana ayi. Chimene chikuchitika n'chakuti molekyulu ikutayana ndi molekyulu inzake. Zomwe zimagwirizitsa ma molekyuluwa ndi mphamvu zofooka zokokana zotchedwa London forces, ndipo zimenezi zimakula molekyulu ikakhala yaikulu ndi ma elekitironi ambiri. F2 ili ndi ma elekitironi 18, Cl2 ili ndi 34, Br2 ili ndi 70, I2 ili ndi 106. Yankho lokwanira pa mayeso liyenera kutchula zinthu zitatu motsatana: molekyulu yakula, London forces zakula, choncho pakufunika mphamvu zambiri kuti ma molekyulu alekane. Mukangolemba kuti "bond ya ayodini ndi yolimba" mwalakwa kawiri, chifukwa bond siikuduka, komanso ya I–I ndiyo yofooka kuposa zonse m'gululi.

Chifukwa chake ukali umatsika

Halogen aliyense ali ndi ma elekitironi 7 mu shell yakunja, ndipo akusowa imodzi yokha kuti akwanitse 8. Fluorine ndi 2,7. Kolorini ndi 2,8,7. Bromine ndi 2,8,18,7. Ayodini ndi 2,8,18,18,7. Elekitironi yomwe akufuna kulandayo imakokedwa ndi nucleus, ndipo imakakhala mu shell yakunja. Pa fluorine shell imeneyo ndi yachiwiri, pafupi kwambiri ndi nucleus. Pa ayodini ndi yachisanu, ndipo pakati pali ma shell anayi otchinga. Zili ngati anthu oothera moto m'nyengo ya Juni: amene ali pamzere woyamba akumva kutentha, koma wa pamzere wachisanu akungomvako pang'ono, ngakhale motowo utakula, chifukwa ali kutali komanso anzake amutchinga. Nucleus ya ayodini ili ndi ma proton 53 pamene ya fluorine ili ndi 9 okha, koma kutalika ndi kutchingako kumaposa kuchuluka kwa ma proton.

Electronegativity, muyezo wa mphamvu ya atomu yokoka ma elekitironi a mu bond, imasonyeza zomwezo. Pa data sheet ya mayeso a matric mupeza 4,0 pa fluorine, 3,0 pa kolorini, 2,8 pa bromine ndi 2,5 pa ayodini. Kuno amalemba comma (,) pamene kwathu timaika kadontho, choncho musadabwe nazo.

Chenjerani ndi Group 1. Kumeneko sodium ndi potassium akufuna kutaya elekitironi, ndiye atomu ikakula ukali umakula. Kuno akufuna kulanda, ndiye atomu ikakula ukali umachepa. Chifukwa ndi chimodzimodzi, zotsatira n'zosiyana.

Kwa amene akupita ku yunivesite, pali kanthu kena koyenera kudziwa. Atomu ya kolorini imatulutsa mphamvu zochulukirapo ikalandira elekitironi, 349 kJ/mol, kuposa ya fluorine, 328 kJ/mol, chifukwa atomu ya fluorine ndi yaing'ono moti ma elekitironi amapanikizana. Komabe fluorine ndiye wolusa kuposa onse, popeza bond ya F–F imaduka mosavuta, pa 158 kJ/mol poyerekeza ndi 242 ya Cl–Cl, komanso ion ya fluoride imagwirana mwamphamvu ndi madzi ndi zitsulo. Ukali umenewu ndi womwe unachedwetsa akatswiri. Carl Wilhelm Scheele anapeza kolorini mu 1774, Bernard Courtois anapeza ayodini m'phulusa la zomera za m'nyanja mu 1811, Antoine Balard anapeza bromine mu 1826, koma fluorine anadikira mpaka 1886 pamene Henri Moissan anatha kumupatula, ena atavulala kale poyesa. Fluorine amalanda ma elekitironi ngakhale kwa madzi enieniwo, 2F2 + 2H2O → 4HF + O2, ndiye "madzi a fluorine" kulibe, ndipo sukulu iliyonse imamusiya panja pa zoyesa.

Kuyesa mu labu: wamphamvu achotsa wofooka

Lamulo ndi loti halogen wapamwamba m'gululi amalanda ma elekitironi kwa ion ya halogen wapansi pake, n'kumusiya ali element. Kuti muone zimenezi mukufunika ma test tube 12 okhala ndi zotsekera, choikamo ma tube, ma dropper atatu osasakaniza, distilled water, magalasi oteteza maso, ndi cyclohexane pafupifupi 15 cm³. Cyclohexane amayaka msanga, ndiye Bunsen burner aliyense azimitsidwe musanatsegule botolo.

Konzani mchere utatu pa 0.1 mol/dm³. Pa madzi okwana 100 cm³ muyeze 0.75 g ya potassium chloride, 1.19 g ya potassium bromide, ndi 1.66 g ya potassium iodide, chilichonse m'botolo lake. Ya potassium iodide ikonzedwe tsiku lomwelo kapena dzulo lake, chifukwa ikakhalitsa mpweya umaisandutsa yachikasu.

Madzi a kolorini akonzedwe ndi aphunzitsi okha, mu fume cupboard, kapena panja pamene pakupita mphepo ngati sukulu ilibe. Thirani 5 cm³ ya Jik wamba wosanunkhiritsa m'madzi 90 cm³, kenako onjezani 5 cm³ ya hydrochloric acid wa 1 mol/dm³ pang'onopang'ono, n'kutseka m'botolo lakuda. Pa muyezo waung'ono chonchi kolorini wambiri amakhala m'madzimo. Musachulukitse manambalawa poganiza kuti mtundu uoneka bwino. Madzi a bromine ndi bwino kugula okonzeka kale. Ngati palibe, sakanizani 5 cm³ ya madzi a kolorini aja ndi 10 cm³ ya potassium bromide. Bromide wachuluka kuposa kolorini, choncho kolorini yense atha ndipo mutsala ndi bromine wofooka koma wokwanira ntchitoyi. Bromine weniweni wa m'botolo asafike pa desiki la mwana: amatentha khungu mozama ndipo nthunzi yake imawononga mapapo. Ayodini sasungunuka bwino m'madzi okha, ndiye yambani mwasungunula 1 g ya potassium iodide m'madzi ochepa, ikanimo 0.25 g ya ayodini, ikasungunuka mudzaze mpaka 100 cm³.

Ndandalikani ma tube m'mizere itatu ya anayi anayi. Pa mzere uliwonse, tube yoyamba muikemo 2 cm³ ya distilled water, yachiwiri 2 cm³ ya chloride, yachitatu ya bromide, yachinayi ya iodide. Mzere woyamba wonse muthiremo 1 cm³ ya madzi a kolorini pa tube iliyonse, wachiwiri madzi a bromine, wachitatu ayodini. Tsekani, gwedezani, lembani mtundu. Tube ya madzi okha ija ndi yofunika kuposa momwe ana amaganizira. Bromine akalowa mu chloride madzi amakhala a olenji, ndipo mwana amafulumira kulemba kuti "zasintha". Akayerekeza ndi tube ya madzi okha amaona kuti mtundu ndi womwewo, bromine wangosukuluka basi.

Zomwe muone ndi izi. Kolorini mu bromide asandutsa madzi kukhala achikasu kapena olenji, chifukwa Cl2 + 2KBr → 2KCl + Br2. Kolorini mu iodide apereka bulauni, Cl2 + 2KI → 2KCl + I2. Bromine mu iodide aperekanso bulauni, Br2 + 2KI → 2KBr + I2. Ma tube ena onse sasintha. Ayodini salanda kwa aliyense.

Vuto ndi lakuti bromine wochuluka ndi ayodini wosukuluka amafanana m'madzi, onse amaoneka ngati tiyi wopepuka. Apa ndi pamene cyclohexane amalowa. Thirani 1 cm³ pa tube iliyonse, tsekani, gwedezani kwa masekondi 10, imikani. Cyclohexane sasakanikira ndi madzi ndipo ndi wopepuka, ndiye amayandama pamwamba ngati mzere wakewake. Ma halogen alibe mbali ya positive kapena negative, choncho amakonda cyclohexane kuposa madzi ndipo amasamukira mmenemo. Mzere wapamwamba ukakhala wa olenji, ndi bromine. Ukakhala wa pinki kapena pepo, ndi ayodini, ndipo simungakayike: pansi pamatsala madzi achikasu chozilala, pamwamba kamzere ka pepo kowala kotalika ngati chikhadabo.

Zikakanika

Kolorini akapanda kusintha kalikonse, pafupifupi nthawi zonse madzi ake ndi akale. Kolorini m'madzi amasanduka HOCl (hypochlorous acid) ndi HCl, ndipo kuwala kumaphwanya HOCl kukhala HCl ndi oxygen. Botolo lomwe lakhala pawindo sabata imodzi ndi asidi wosukuluka chabe. Liyeseni kaye ndi litmus ya buluu: madzi abwino amaifiiritsa kenako n'kuiyeretsa mbee.

Nthawi zina tube ya iodide imachita bulauni, kenako pansi pagwa tinthu takuda, kenako mukapitiriza kuthira kolorini zonse zimayera. Tinthu takudato ndi ayodini amene wasowa iodide womusungunula. Kuyerako ndi chifukwa kolorini wochuluka wapitiriza kulanda ma elekitironi mpaka ayodini wasanduka iodate, amene alibe mtundu. Mankhwala ake ndi kuthira dontho limodzi limodzi, kugwedeza, n'kusiya mtundu ukangooneka.

Mukaona pepo mu tube ya bromine ndi chloride, dropper yadutsa mu iodide. Tayani muyambirenso. Ndipo ngati madzi a bromine omwe munapanga nokha asintha mtundu wa tube ya bromide, munatsala kolorini, onjezani bromide.

Pomaliza, cyclohexane asatayidwe mu sinki. Mutsanulireni m'botolo lake la zinyalala. Madzi otsala a halogen muwathire sodium thiosulfate mpaka mtundu uthe musanawataye, ndipo thiosulfate yemweyo akhale pafupi nthawi yonse yoyesa, kuchitira kuti chinthu chikatayika.

Kutsimikiza ndi manambala

Mu Grade 12 zomwe mwaonazi zili pa Table 4A ndi 4B ya standard reduction potentials. F2 ali pa +2.87 V, Cl2 pa +1.36 V, Br2 pa +1.07 V, I2 pa +0.54 V. Tengani nambala ya halogen amene akulanda, chotsanipo ya amene ion yake ikulandidwa. Kolorini ndi bromide: 1.36 − 1.07 = +0.29 V. Kolorini ndi iodide: +0.82 V. Bromine ndi iodide: +0.53 V. Zonse ndi positive, choncho zimachitika zokha. Ayodini ndi bromide: 0.54 − 1.07 = −0.53 V, sizichitika. Samalani ndi mawu polemba. Oxidising agent (wolanda ma elekitironi) wamphamvu ndi F2, molekyulu. Reducing agent (wopereka ma elekitironi) wamphamvu pakati pa ma halide, omwe ndi ma ion a ma halogen, ndi I⁻, ion, chifukwa elekitironi yake ili kutali ndi nucleus ndipo imachoka mosavuta. Kulemba "iodine" pamene mukutanthauza "iodide" ndi kulakwa kumene olemba mamakisi sakhululukira.

Dongosolo lomweli limaoneka kwina konse. Ndi hydrogen, fluorine amaphulika ngakhale mumdima ndi mozizira, kolorini amaphulika pa kuwala kwa dzuwa, bromine amafuna kutenthetsa, ndipo ayodini amachita mwapang'onopang'ono osamaliza, HI wina n'kumaphwasukanso. Ndi chitsulo, kolorini ndi bromine amalanda ma elekitironi atatu n'kupanga FeCl3 ndi FeBr3, pamene ayodini amalekera pa awiri, FeI2. Makampani amagwiritsa ntchito lamulo lomweli: bromine wambiri padziko amachokera m'madzi amchere monga a Dead Sea, ndipo amamutulutsa pothiramo kolorini.

Kuzindikira halide ndi silver nitrate

Iyi ndi ya Grade 10 ndipo siyovuta. Pa 2 cm³ ya madzi omwe mukuyesa, yambani ndi madontho angapo a nitric acid wosukuluka, kenako madontho 5 a silver nitrate wa 0.05 mol/dm³, amene mumakonza ndi 0.85 g m'madzi 100 cm³. Chloride apereka matope oyera, bromide a kirimu, iodide achikasu. Fluoride sapereka kanthu popeza silver fluoride amasungunuka. Nitric acid ndi wochotsa carbonate, amene naye amapanga matope n'kukusokonezani. Musagwiritse ntchito hydrochloric acid, chifukwa muli chloride kale ndipo tube iliyonse ipanga matope oyera. Madzi a pampopi nawonso ayi. Madzi a Rand Water ochokera ku Vaal Dam amathiridwa kolorini, ndipo muli chloride wokwanira kuchititsa chifunga mu tube yomwe imayenera kukhala yopanda matope.

Kusiyanitsa zoyera ndi kirimu ndi maso kumavuta, makamaka pansi pa magetsi a m'kalasi. Ammonia ndi amene amaweruza: silver chloride amasungunuka mu ammonia wosukuluka, silver bromide amafuna ammonia wamphamvu, silver iodide sasungunuka konse. Onani msanga, chifukwa matopewa amachita imvi pa kuwala, ndipo zosakaniza za silver ndi ammonia zisasungidwe, zisukulutsidwe ndi kutayidwa tsiku lomwelo. Silver nitrate akagwera pachala amasiya banga lakuda lomwe sopo sachotsa.

Kuyesa kwa kunyumba

Ngati sukulu ya mwana wanu ilibe labu yogwira ntchito, mbali imodzi mungaione pakhonde. Mukufunika Betadine, piritsi la vitamin C, Maizena ndi Jik wamba. Pakhale munthu wamkulu, ndipo makapu ake akhale otaya, osati omwera.

Thirani madontho 10 a Betadine mu theka la kapu ya madzi. Phwanyani piritsi la vitamin C, lisungunuleni mu kapu ina ya madzi, ndipo muzithira dontho limodzi limodzi mu Betadine uja mukutakasa, mpaka bulauni angotha. Siyani pomwepo. Ayodini walandira ma elekitironi n'kusanduka iodide. Wiritsani theka la tiyisupuni ya Maizena mu kapu ya madzi, izizire, thiranimo masupuni awiri. Sipasintha kanthu, chifukwa sitachi sagwirana ndi iodide payekha. Tsopano sukulutsani tiyisupuni imodzi ya Jik mu kapu yodzaza madzi, n'kudontheza dontho limodzi. Pamene dontholo lagwera pamatuluka kamtambo ka buluu woderako, kamene kamafalikira mukatakasa. Kolorini wa mu Jik walanda ma elekitironi kwa iodide, ayodini wabwerera. Ngati kamtamboko kakuoneka n'kuzimiririka, vitamin C anachuluka ndipo akudya Jik yense, pitirizani kudontheza. Ngati buluu wabwera kenako n'kuyera, Jik wachuluka ndipo mwafika pa iodate uja. Mu Jik chogwira ntchito ndi hypochlorite osati Cl2 weniweni, koma wolanda ndi wolandidwa ndi omwewo.

Mchere wa pakhitchini sungalowe m'malo mwa Betadine. Mchere wa ku South Africa amathiramo ayodini woteteza ku chithokomiro, koma ali ngati potassium iodate, ndipo Jik sangamutulutse.

Pa pool, m'bafa ndi pa car wash

Kolorini amene ali mu HTH, mu Jik ndi m'madzi akumwa amachokera kwa Cl2 yemweyo wa +1.36 V uja. Amapangidwa podutsitsa magetsi m'madzi amchere, monga amachitira pa fakitale ya ku Chloorkop pafupi ndi Tembisa, ndipo salt chlorinator ya pa pool imachita zomwezo pang'onopang'ono. Amapha tizilombo polanda ma elekitironi, ndipo amachita chimodzimodzi ndi maso ndi mapapo a munthu.

Pa pool, chimene chimapha tizilombo ndi ndere ndi HOCl, ndipo kuchuluka kwake kumadalira pH. Pa pH 7.0 pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kolorini ali HOCl, pa 7.5 ndi theka, pa 8.0 ndi gawo limodzi mwa anayi. N'chifukwa chake pool imatha kubiriwira pH ikakwera ngakhale mukuthira HTH tsiku lililonse. Yambani mwayeza pH, muibweretse pakati pa 7.2 ndi 7.6, kenako muone za kolorini, amene ayenera kukhala pakati pa 1 ndi 3 ppm. Kuwerengera kwake ndi kotere: 1 ppm ndi 1 mg pa lita imodzi, ndiye pool ya malita 50,000 ikufuna 50 g ya kolorini kuti ikwere ndi 1 ppm. Ngati chitini chalembedwa 65 peresenti, gawani 50 ndi 0.65, mupeza 77 g ya ufawo. Thirani madzulo, pampu ikuyenda, popeza dzuwa la kuno limaphwanya HOCl monga limachitira ndi botolo la mu labu lija. Stabiliser wapakati pa 30 ndi 50 ppm amachepetsa kuwonongekaku.

Test kit nayo imanama nthawi zina. Piritsi la DPD 1 limapereka pinki, koma kolorini akachuluka kwambiri amayeretsa mtunduwo n'kuoneka ngati mulibe kalikonse. Mukaona pinki wangothwanima n'kutha, sakanizani madzi a pool ndi madzi a m'botolo muyezo wofanana, yezaninso, chulukitsani kawiri. Musathamangire kuwonjezera. Ndipo fungo lamphamvu loyabwa m'maso kawirikawiri ndi la ma chloramine, amene amapangika kolorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo. Pamenepo pakufunika shock dose, kutanthauza kuthira kolorini wambiri nthawi imodzi, osati kusiya kuthira.

Pali zosakaniza zitatu zomwe tikupempha kuti aliyense azidziwe ndi kuuzako mnzake watsopano pantchito. Choyamba, HTH kapena Jik ndi asidi aliyense, kaya pool acid, viniga kapena mankhwala ochotsa dzimbiri m'chimbudzi: NaOCl + 2HCl → Cl2 + NaCl + H2O. Ndi zomwe aphunzitsi amachita ndi 5 cm³ mu fume cupboard, koma mu ndowa m'bafa lotseka ndi mpweya wokwanira kugoneka munthu m'chipatala. Chachiwiri, Jik ndi chotsukira chilichonse chokhala ndi ammonia, zomwe zimatulutsa ma chloramine. Chachitatu, ufa wa calcium hypochlorite (monga HTH) ndi mapiritsi a mu floater, omwe ndi trichlor: onse ndi "kolorini" koma akakumana ndi chinyezi amatentha, kufuka, mwinanso kuphulika. Chilichonse chikhale ndi kapu yake youma. Asidi asungidwe pansi, kutali ndi HTH, osati pa shelefu ya pamwamba pake pamene angadonthere. Posukulutsa, asidi ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo pa pool musathire asidi ndi kolorini nthawi imodzi kapena malo amodzi, pampu iyambe yazunguliza madzi.

Kolorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kawiri ndi theka, ndiye amadikha pansi, m'kachipinda ka pampu, m'shawa, pamene munthu wokolopa wagwada komanso pamene pali mphuno ya mwana. Akatuluka, musawerame kuti mutole ndowa. Tulukani, siyani chitseko chotsegula, tulutsani ena, pitani kumene mphepo ikuchokera. Maso atsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Ngati munthu akutsokomola mosalekeza, akubanika, kapena ali ndi mphumu, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177, ndipo ngakhale atapezako bwino aonedwe ndi adokotala, chifukwa mapapo amatha kudzaza madzi patapita maola.

Abale a pa car wash asamale ndi mankhwala ena owalitsira ma rimu ndi aluminium. Ena mwa iwo ali ndi hydrofluoric acid kapena ammonium bifluoride. Buku limati HF ndi asidi wofooka, ndipo n'zoona, chifukwa bond ya H–F ndi yolimba kuposa ya HCl, HBr ndi HI, ndiye sataya hydrogen wake mosavuta m'madzi. Kufooka komweko ndiko kumamulola kulowa pakhungu osatentha nthawi yomweyo, n'kukagwira calcium wa m'thupi, ululu n'kudzayamba patapita maola, makamaka pansi pa zikhadabo. Werengani botolo musanayambe, valani magolovesi a mankhwala osabooka, ndipo akakugwerani tsukani ndi madzi ambiri, pakani calcium gluconate gel ngati alipo, n'kupita kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula botololo kuti adokotala aone chimene chalembedwapo.